Pamkuyu Popanda Mkuyu: Mayina a Misewu ndi Malo a Kuno Kwathu

Anzanga, imani kaye pang'ono musanathamangire m'kalasi. Nkhani ndakutengeraniyi inayamba usiku wina m'mwezi wa June chaka chatha, mwera uli pakati kuwomba. Agogo anga aakazi anadwala mwadzidzidzi, kupuma kukuvuta. Mayi anandipatsa foni nati ndiitane wa kabaza wa njinga yamoto. Ndinamuuza monga timanenera tonse kwathu: "Achimwene, mubwere pa Mkuyu, mukhotere kumanja, nyumba yachitatu." Anati chabwino. Tinadikira, tinadikira, munthu osaoneka. Nditaimbanso, anandiyankha mokwiya kuti, "Iwe, ndazungulira kawiri konse, mkuyu wakowo uli kuti?"

M'pamene ndinazindikira. Mnyamatayo anali mlendo kuno, ndipo ankafunafuna mtengo weniweni. Koma mkuyuwo unagwa ine ndisanabadwe. Pamalopo lero pali kagolosale ndi benchi ya tomato basi. Ndinathamanga ndi tochi kukamuchingamira kumsewu, ndipo mwamwayi agogo anafika kuchipatala nthawi ikadalipo. Ali bwino, dzulo lomweli amandikalipira chifukwa chosatsuka mbale.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: kodi mayina timatchula tsiku ndi tsikuwa anachokera kuti? Anapereka ndani? Ndafunsa agogo aamuna, ndafunsa aphunzitsi a History, ndakhalanso pansi ndi akuluakulu osoka maukonde kugombe. Zomwe ndapeza ndazigawa m'magulu kuti musavutike powerenga chiimire.

Mayina a pamapepala ndi mayina a pakamwa

Choyamba, misewu yathu ili ndi mayina awiriawiri. Pali la boma, lolembedwa pa mapu, ndiye pali lomwe timagwiritsa ntchito ifeyo. Msewu wochokera ku Lilongwe kubwera ku Salima pa mapu ndi M14. Msewu wa m'mbali mwa nyanja, wodzera ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay mpaka ku Mzuzu, ndi M5. Chilembo cha M chikutanthauza kuti ndi msewu waukulu, monganso M1 yomwe imadutsa dziko lonse kuchokera kumpoto mpaka ku Nsanje. Misewu yocheperapo imayamba ndi zilembo zina monga S, T ndi D.

Koma tanenani zoona, ndani wa inu anamvapo kondakitala akukuwa kuti "M5! M5!"? Palibe. Iye amati "Nkhotakota, Dwangwa!" kapena "Lilongwe yonyamuka!" Ifenso timati msewu wa ku Lilongwe, msewu wa ku Chipoka, msewu wa kunyanja. Kwathu kuno msewu umatchedwa ndi kumene ukupita. Nambala imathandiza ainjiniya ndi anthu okonza bajeti, pomwe mayi wonyamula dengu la usipa amangofuna kudziwa kuti msewuwo ukamufikitsa kuti.

Kamuzu Road: msewu womwe unasanduka malo

Aliyense amene anakwerapo dampa m'tauni ya Salima akudziwa pa Kamuzu Road. Chodabwitsa n'chakuti dzinali ndi la msewu, koma ife timalitchula ngati malo. Timati "ndatsikira pa Kamuzu Road", "ndagula pa Kamuzu Road". Msewu unabereka msika, msikawo n'kulanda dzina.

Mwini dzinali ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anatsogolera dziko lino kuyambira pa ufulu wodzilamulira mu 1964 mpaka mu 1994, ndipo anamwalira mu 1997. Mawu oti kamuzu akutanthauza muzu waung'ono, ndipo mbiri ya moyo wake imati anamutcha choncho chifukwa cha mankhwala a mizu omwe mayi ake anamwa kuti aone mwana. Ndiye mukamatsika pa Kamuzu Road, dziwani kuti mukutchula kamuzu ka mankhwala, mtsogoleri wa dziko, msewu ndiponso msika, zonse m'mawu awiri.

Dzina limeneli likutiphunzitsanso kuti mayina amayenda ndi ndale. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, malo ambiri otchedwa Kamuzu anasinthidwa mayina. Bwalo la ndege la ku Lilongwe, chipatala chachikulu cha ku Lilongwe ndi bwalo la zamasewero la ku Blantyre anazichotsa dzinali, koma Bingu wa Mutharika atalowa m'boma mu 2004 analibwezeretsa. Msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe, womwe unali Kamuzu Highway, unasanduka Masauko Chipembere Highway, pokumbukira nduna ija inasemphana ndi Kamuzu mu 1964 n'kukafera kunja kwa dziko. Kuno kwathu, sukulu ya asilikali yomwe timangoti ku MAFCO poyamba inkatchedwa Kamuzu Military College. Dzina la lero ndi chidule cha Malawi Armed Forces College, ngakhale ambirife timalitchula ngati mawu a Chichewa osaganizako n'komwe kuti ndi zilembo. Koma pa Kamuzu Road sipanasinthe. Chikwangwani angathe kuchizula tsiku limodzi, koma pakamwa pa anthu a dampa simungafufutepo dzina.

Ku Boma

Tikamapita m'tauni timati tikupita ku Boma. Pali nkhani yomwe imayenda m'masukulu yoti BOMA ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena za ulamuliro wa asilikali a ku Britain. Inenso ndinkaikhulupirira, mpaka ndinatsutsana ndi mnzanga wa Fomu 4 pa nkhani yomweyi, ine n'kuluza. Zoona zake n'zakuti boma ndi mawu a Chiswahili, otanthauza mpanda kapena linga lotetezera anthu ndi ziweto, ndipo analipo Angerezi asanayambe kulamulira madera ano. Atsamunda ankamanga maofesi awo m'kati mwa mpanda wotere, anthu n'kumati "ndaitanidwa ku boma". Pang'ono ndi pang'ono mawuwa anayamba kutanthauza likulu la dera, kenako ulamuliro weniweniwo. Lero tikamati boma la Malawi, tikutchula mpanda wakale osadziwa.

Nanga Salima?

Apa ndiye anzathu a ku Lilongwe ndi ku Dowa amatiseka napo. Amati Salima ndiye kuti anthu ake salima, amangodalira nsomba. Agogo aamuna ndikawauza zimenezi amaseka mpaka kutsokomola. Amati, "Mdzukulu wanga, ukawafunse kuti mpunga amadya pa Khirisimasi uja umachokera kuti." Ali ndi mfundo. Ku Lifuwu kuli minda ya mpunga ndi malo ofufuzira za mbewuyi, ku Chitala kuli malo a kafukufuku wa zaulimi, ndipo boma lino lakhala likudziwika ndi thonje kuyambira kale. Dzina loti Salima lilinso la mfumu ya kuno, ndipo ku Malawi malo ambiri amatenga dzina la mfumu ya pamalopo.

Phunziro lake ndi ili: dzina likamveka ngati mawu omwe mukuwadziwa, musathamangire kunena kuti tanthauzo lake ndi lomwelo. Khutu limanyenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chomwe chinakuza tauni yathu ndi njanji. Sitima yapamtunda yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, kudzera ku Chipoka komwe kuli doko la sitima zapamadzi. Kwa zaka zoposa 40 njanji inkathera pompano, mpaka anaipitiriza kukafika ku Lilongwe mu 1979. N'chifukwa chake akuluakulu ena mpaka lero salozera malo ndi mabanki kapena mafilingisiteshoni ngati ife. Iwo amati "kuseri kwa siteshoni", "kutsidya kwa njanji".

Mayina a mafumu

Gulu lalikulu kwambiri ndi la mayina a mafumu. Mukalemba fomu ya mayeso mumalemba mudzi ndi T/A, eti? Maganga, Pemba, Ndindi, Kambwiri, Khombedza, Mwanza, Kuluunda, Kalonga. Onsewa ndi mayina a maufumu, koma asandukanso mayina a madera. Munthu amati "kwathu ndi kwa Pemba". Tamvetserani kamawu koti kwa. Tikati ku Chipoka tikunena malo, koma tikati kwa Ndindi tikunena kuti malowo ali ndi mwini wake. Galamala ya Chichewa imasunga yokha mbiri imeneyi.

Dzina la Kalonga ndi lolemera kuposa momwe timaganizira. Kalonga unali udindo wa mfumu yaikulu ya ufumu wa Maravi, womwe likulu lake linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, osati kutali ndi kuno. Dzina la dziko lathu, Malawi, linachokera ku ufumu umenewo. Mpaka lero Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana chaka ndi chaka ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ndiye mnzathu wochokera kwa Kalonga akamalemba adiresi yake, akulemba mawu omwe tikuwapeza m'buku la History la Fomu 2.

Kwa Kuluunda nako kuli chinthu chosangalatsa. Mfumu yake timaitchula kuti Bibi Kuluunda. Bibi ndi mawu aulemu a Chiswahili otchulira mayi wamkulu. Anafika bwanji kuno? M'zaka za m'ma 1800 nyanja yathuyi inali njira ya malonda. Amalonda a Chiswahili, monga a Jumbe a ku Nkhotakota, pamodzi ndi Ayao, ankawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kugombe la nyanja yamchere. Anabweretsa Chisilamu, zombo za matanga ndi mawu atsopano. Mbiri imeneyi ili ndi zowawa zake, pakuti anthu ambiri anagulitsidwa osabwereranso, koma mayina akuisungabe kuti tisaiwale.

Mayina ochokera ku chilengedwe

Awa ndiye ndimawakonda, chifukwa safuna buku. Mchenga wa Moto, ku Senga Bay: amene anayendapo pamchenga wa kunyanja masana a mu October opanda nsapato safunika kumufotokozera. Mpatsanjoka, dambo lija ndi mtsinje wake: dzinalo likuchenjeza lokha kuti poponda uziyang'ana pansi. Nanjoka, komwe kuli siteshoni ya magetsi: njoka zomwezo. Kachidutswa koti na kamapezeka m'mayina ambiri m'dziko muno, ndipo kawirikawiri kamasonyeza chomwe chinkapezeka pamalopo. Nanjiri, panjira ya ku Dedza, muli mawu oti njiri. Namadzi, pakati pa Blantyre ndi Zomba, muli mawu oti madzi.

Mayina otere ali ngati kaundula wa zomwe zinalipo. Mukamva malo otchedwa ndi dzina la nyama kapena mtengo, yang'anani ngati chinthucho chikadalipo. Kumpoto kwa Senga Bay kuli Leopard Bay, ndiye kuti gombe la akambuku. Ndani wa ife anaonapo kambuku kumeneko? Mkuyu wa kwathu uja nawo unapita. Dzina likatsala lokha chonchi limakhala ngati chipilala cha pamanda, likutiuza zomwe tataya. Anzathu a kalabu ya Wildlife, nkhani iyi ndi yanunso.

Mayina obwera ndi alendo

Taonani dzina loti Senga Bay: theka ndi lathu, theka ndi Chingerezi. Mayina otere ali mbwee m'mbali mwa nyanja: Nkhata Bay, Domira Bay. Anawalemba pa mapu ndi azungu oyendetsa sitima, omwe ankafuna malo okocheza. Kachilumba kaja timakaona tikaima pagombe, ife timati Namalenje, koma alendo odzaona malo amauzidwa kuti ndi Lizard Island chifukwa cha ang'azi omwe amakhalapo. Hotela ya Livingstonia Beach ili ndi dzina la David Livingstone, amene anafika pa nyanjayi mu 1859. Musaisokoneze ndi Livingstonia ya ku Rumphi, mishoni yomwe inayambira ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Cape Maclear yomweyo Livingstone anaitcha dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo wa ku Cape Town, pomwe eni ake mudziwo amautcha Chembe.

Ngakhale nyanja yeniyeniyi ili ndi nkhani. Pa mapu akale analemba Lake Nyasa. Koma nyasa m'Chiyao ndi nyanja basi. Ndiye kuti kwa zaka zambiri dziko lonse lapansi linkati "Nyanja Nyanja", ndipo dziko lathu linkatchedwa Nyasaland.

Titalandira ufulu, mayina ambiri a atsamunda anachotsedwa. Fort Johnston inakhala Mangochi, Port Herald inakhala Nsanje, Fort Manning inakhala Mchinji, Fort Hill inakhala Chitipa. Ena anangowakonza kalembedwe: Kota Kota kukhala Nkhotakota, Cholo kukhala Thyolo, Mlanje kukhala Mulanje. Koma ena anatsala. Blantyre ndi dzina la tauni ya ku Scotland komwe Livingstone anabadwira. Mumzindawo mukadali Victoria Avenue, ya mfumukazi ya ku Britain, ndi Glyn Jones Road, ya bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland, moyandikana ndi Haile Selassie Road, ya mfumu ya ku Ethiopia. Munthu ukhoza kubwereza History yonse ya MSCE pongoyenda wapansi m'tauni.

Palinso mayina omwe makolo athu anapatsa azunguwo mobwezera. Mandala, ku Blantyre, linali dzina lomwe anthu anamupatsa John Moir wa kampani ya African Lakes chifukwa cha magalasi a m'maso omwe ankavala. Dzinalo linachoka pa munthu, n'kupita pa sitolo, n'kukathera pa dera lonse. Makolo athu sankalemba mapu, koma maso anali nawo.

Mayina omwe tikupanga ifeyo

Musaganize kuti kutcha mayina kunatha ndi agogo. Tinjira ta m'midzi mwathu tilibe zikwangwani, koma tonse tili ndi mayina: pa Chigayo, pa Mjigo, pa Transifoma, pa Thandala, pa Mabenchi, kuseri kwa Mzikiti, kumunsi kwa Tchalitchi. Wina akatsegula shopu yokhala ndi dzina lokoma, pakatha miyezi itatu siteji yonse yatenga dzinalo. Amene amabatiza malo masiku ano ndi makondakitala, a dampa ndi amayi a geni ya nsomba. Palibe msonkhano, palibe chidindo. Dzina likakoma pakamwa, lakhazikika.

Vuto lake ndi lomwe ndinakumana nalo usiku uja. Mayina a pakamwa amagwira ntchito kwa eni mudzi okha. Mlendo, dalaivala wa ambulansi, wapolisi kapena munthu wobweretsa katundu sangadziwe kuti pa Chigayo chigayocho chinasamuka kalekale. Tsiku wamba zimangoseketsa. Koma pakakhala wodwala, mayi woyembekezera kapena moto, mphindi khumi zosochera si zamasewera.

Palinso vuto lachiwiri. M'mbali mwa nyanja malo ogona alendo akuchuluka, ndipo ana ambiri akudziwa magombe ndi mayina a malojiwo kusiyana ndi mayina akale. Sindikudana ndi chitukuko ayi, achibale athu ena amagwira ntchito komweko. Koma loji ikhoza kugulitsidwa mawa n'kusintha dzina, pomwe dzina lakale linakhala zaka mazana. Asodzi achikulire ali ndi mayina a miyala, a malo oponyera chilimira, a malo oopsa mwera ukawuka. Mayina amenewo sali pa mapu alionse. Nkhalamba imodzi ikamwalira, amapita nayo kumanda.

Ndiye titani?

Bungwe la MACRA lili ndi ntchito yokhazikitsa ma adiresi m'dziko muno, kutanthauza kupereka mayina ku misewu ndi manambala ku nyumba. Tsiku lina ntchito yotere idzafika m'tinjira tathu, ndipo padzafunika mayina. Funso ndi lakuti, adzasankhe ndani? Tikakhala chete, wina adzatilembera mayina ali mu ofesi, mwina a maluwa omwe sitinawaonepo. Koma tikakhala titalemba kale mayina athu ndi nkhani zake, mafumu ndi makhansala adzakhala ndi poyambira.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu, ndipo palibe chofuna ndalama.

Choyamba, Loweruka likubwerali khalani pansi ndi agogo kapena munthu wamkulu wa m'mudzi mwanu. Afunseni mayina asanu a malo, njira, madambo kapena magombe, ndi chifukwa chake anatchedwa choncho. Pitani mwaulemu, osati ndi mahedifoni m'khutu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Chachiwiri, lembani zomwe mwamvazo monga anenera, ndipo mulembenso kuti wakuuzani ndi munthu wa zaka zingati. Anthu awiri akakuuzani zosiyana, lembani zonse ziwiri, musasankhe yokoma yokha. Kumbukirani za BOMA zija.

Chachitatu, kunyumba kwanu gwirizanani njira yolozera mlendo pogwiritsa ntchito zinthu zomwe zikuoneka lero, ngakhale usiku. Kwathu tinasintha. Tsopano timati, "Pa golosale ya buluu, pomwe amati pa Mkuyu." Dzina lakale talisunga, koma mlendo sasocheranso.

Poyambira ndakusiyirani mayina atatu: Kaphatenga, Siyasiya ndi Chipoka. Amene abweretse nkhani yomveka bwino, yochokera kwa akuluakulu osati yopeka pa bedi, tidzaimata pabolodi pompano mwezi wamawa. Mapepala anu perekani kwa aliyense wa kalabu ya zolembalemba pofika Lachisanu la sabata yamawa. Ndipo chonde, amene mumakonda kung'amba m'makona mwa mapepala a pabolodi kuti mulembepo manambala a foni, lino lokha lisiyeni anzanu awerenge kaye.

Agogo aakazi nditawawerengera nkhaniyi anangoti, "Walemba bwino, koma mkuyu uja sunagwe wokha, anaudula kuti awotchere njerwa. Ukalembenso zimenezo." Ndiye ndalemba.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 3, kalabu ya zolembalemba